Amayi Achokapo Pang'ono

Atapuma ntchito ku positi ofesi, komwe anakhala zaka makumi atatu akudinda makalata, anthu sanasiye kuwaitana kuti Apositi. Ana anali atachoka onse pakhomo, zipinda zitatu zili pululu. Nzeru yotsegula nyumba yogona alendo inachokera kwa akazi awo.

"Bambo, chipatala chachikulu chili pompa. Anthu ochokera kutali amagona pakhonde podikira dokotala. Ife zipindazi tikusungira mbewa?"

Anagula mabedi, napaka penti, nakhoma kachikwangwani pageti. Ntchito anagawana osakambirana n'komwe. Apositi anatenga mipope, maloko ndi mababu. Amayi anatenga anthu. Mlendo asanatule chikwama, amayi anali atadziwa kale kuti akudwala ndani, ana ali nawo angati. Apositi ankangoti "Takulandirani," n'kukabisala kuseri ndi sipanala yawo.

"Musawadabwe amuna angawa," amayi ankatero, "malovu awo anathera pa masitampa."

Anayenda choncho zaka zisanu ndi zinayi. Tsiku lina masana, amayi akuyanika nsalu zapabedi, anadandaula mutu nakhala pansi pakapinga. Kuyandikira kwa chipatala sikunathandize kanthu. Anamwalira tsiku lachitatu, osatsegulanso maso.

Geti linakhala lotseka miyezi iwiri. Mwana wawo woyamba, wamkazi, ankaimba foni tsiku ndi tsiku.

"Ababa, tsekani basi. Bwerani tizikhala limodzi kuno."

"Ndikachoka, mipope ichita dzimbiri," anayankha, natsegulanso nyumbayo.

Anaphunzira kukazinga mazira osawapsereza, anaphunzira kusita. Alendo atsopano sankawavuta, chifukwa ankangolandira kiyi n'kukagona. Amene ankawaopa anali akale aja, odziwa mmene nyumbayi inkamvekera.

Woyamba kufika mwa akalewo anali mayi wina wachikulire, mphunzitsi wopuma ntchito, amene ankabwera kawiri pachaka kudzapimitsa maso. Anayamba kukuwa akadali pageti.

"Odi kuno! Mnzanga uja ali kuti? Lero sandilandira chikwama?"

Apositi anatsegula pakamwa. Mawu amene anakonza kwa milungu yambiri sanabwere.

"Achokapo pang'ono," anatero.

"Aa, kuyenda sasiya! Ndiye muwasungire ichi. Ndaluka ndekha ndi maso anga ovutawa."

Inali juzi yobiriwira, mkono wina wotalikirapo kuposa unzake. Apositi anailandira ndi manja awiri, nakaiika pampando wa amayi m'khitchini. Anaima pamenepo nthawi yaitali, ketulo ikuwira mpaka madzi kuphwa.

M'mawa mwake anapereka tiyi ndi buledi.

"Sanabwerebe?"

"Ali kwa mwana wathu."

Aphunzitsi anawayang'ana, nanyamuka kupita kuchipatala. Apositi anatsala akudzida. Zaka zonse zija ku positi sananamizepo munthu, lero akunamiza mayi wokalamba m'nyumba mwawo momwe. Komabe mumtima munali kachinthu kena kamene ankachita nako manyazi: kwa tsiku limodzi lija, m'nyumbamo munali munthu wodikira kuti amayi alowa pakhomo, ndipo iwo omwe anadikira naye limodzi.

Masana aphunzitsi anabwerera diso limodzi litamatidwa bandeji. Sanapite kuchipinda kwawo. Analunjika kukhitchini, komwe Apositi ankatsuka makapu.

"Bambo, lero ndili ndi diso limodzi, koma ndikuona. Pawaya paja palibe chovala cha mzimayi ngakhale chimodzi. Maluwa a pakhonde auma. Apuloni yawo mwavala ndinu. Zinachitika liti?"

Apositi anatseka mpope. Anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Uno ndi mwezi wachisanu."

Aphunzitsi anakoka mpando nakhala pansi, manja pamutu. "Mayo ine, mnzanga!"

Pamaliro Apositi sanalire, chifukwa ankalandira anthu ndi kusaina mapepala. Analira tsiku limenelo, ataimirira pasinki, mapewa akugwedezeka ngati a mwana. Kenaka anayamba kulankhula. Anafotokoza za nsalu zija, kuti zinakhala pawaya sabata yathunthu, mvula ikuzinyowetsa, dzuwa likuziumitsa, iwo osatha kuzianula. Anafotokoza kuti m'mawa uja amayi anawapempha kuti awathandize kunyamula beseni, iwo nayankha kuti adikire, akumaliza kukonza loko.

"Loko, aphunzitsi. Loko wachabechabe."

"Beseni silipha munthu, bambo. Musadzisenzetse zimenezo." Anapukuta misozi ndi chitenje. "Amuna anga anapita zaka khumi ndi ziwiri zapitazo. Chaka chathunthu ndinkatulutsa mbale ziwiri patebulo."

"Zimatha?"

"Sindikunamizani, sizitha. Mumangozolowera kuyenda nazo. Koma musamanene kuti achokapo. Anthu amene ankawakonda nawonso ayenera kuwalira."

Aphunzitsi ananyamuka m'mawa mwake. Asanakwere basi anapempha kuti aonetsedwe manda, ndipo Apositi anawaperekeza, atawagwira mkono chifukwa cha diso lija.

Atabwerako, Apositi anaimbira foni mwana wawo uja.

"Nyumbayi sindichokamo, mama. Koma Loweruka ubwere. Zovala za amayi ako sindingazitulutse ndekha."

Mwanayo anabwera. Anatsegula wadirobu, fungo la sopo wa amayi linawalandira. Diresi lililonse linali ndi nkhani yake: ili anavala paukwati wa mng'ono wako, ili anakana kulitaya ngakhale linang'ambika. Pofika masana anali atapinda shelefu imodzi yokha, onse maso ali psuu.

"Zatsalazi tidzachita mwezi wamawa, ababa."

"Mwezi wamawa," anavomera.

Apositi anadzuka napita kukayala bedi m'chipinda chapakati. Madzulo amenewo kunkafika bambo wina ndi mkazi wake wodwala impso, ndipo anali atapempha chipinda choyandikira bafa.