Lenzi Yokwana Kwaya Yonse

Mpaka lero ndikakumbuka kamera ija mtima umandiwawa. Nthawi imeneyo ndinkaphunzitsa kufupi ndi Luwawa, ndipo ndinali nditauzidwa kuti teremu ikatha andisamutsira kwathu ku Dedza. Ndinkafuna kuchoka ndi chinthu chimodzi chokha: chithunzi cha nduwaluwa, mbalame yobiriwira ya mapiko ofiira imene inkatera mumkuyu kuseri kwa sukulu. Kwathu ndinali ndisanaionepo.

Ndinakwera lole ya matabwa kupita ku boma, kwa bambo wina wojambula zithunzi amene ankagulitsanso makamera akale obwera ndi anthu a ku Joni. Anali nawo awiri. Ina inali ndi lenzi yaitali ngati munsi, inayo kalenzi kakafupi. Ine maso anali pa yaitaliyo.

"Iyayi asambizgi," anatero bamboyo, kunditchula mphunzitsi m'Chitumbuka, "iyo njoipa chomene. Imatenga mutu wa munthu mmodzi basi. Yaifupiyi mbwenu kwaya yonse ikwanamo, ndi abusa omwe."

Ndinati sindikufuna kujambula kwaya, ndikufuna mbalame. Anaseka mpaka kugwira thebulo. Kenako anatsitsa mawu n'kunena kuti munthu woyenda m'nkhalango ya boma ndi chimpope chotere, anyamata a chipani akangomuona, akafotokozera kupolisi chimene amasuzumira. Apo ndiye ndinafooka, poti masiku amenewo zoterezi sizinali zoseka. Ndinatenga yaifupiyo uku ndikung'ung'udza.

Loweruka lililonse ndinkabisala pansi pa mkuyu, linthumbu likundiluma m'miyendo. Mbalame imeneyi njochenjera zedi, ukangosuntha phazi yapita. Ndikasuzumira m'kamera ndinkaona nkhalango yonse, mitambo, ndi denga la chimbudzi cha sukulu lomwe, koma mbalameyo inkaoneka ngati kanjere ka mapira. Ndinkatukwana chamumtima. Filimu itatsala pang'ono kutha, m'mawa wina inatera panthambi youma ya m'munsi, kumbuyo kwake kuli thambo loyera, n'kutambasula mapiko. Ndinadina. Ndinadziwa kuti ioneka yaing'ono, koma bola ikhalepo.

Filimuyo ndinakaisiya kwa bambo yemwe uja kuti atsuke. Zithunzi ndinakatenga tsiku la ulendo, katundu wanga ali kale padenga la basi. Ndinazisanthula msangamsanga mpaka ndinapeza cha nthambi youma ija. Nthambi inalipo, thambo linalipo. Mbalame panalibe.

"Panthambi apa panali kanthu," ndinatero.

"Enya, kachitsotso kakuda," anayankha monyadira. "Fumbi la mumsewu wa Luwawa limalowa m'kamera. Ndapakapo utoto pafilimu pomwepo, sikadzaonekanso. Ine sindipereka chithunzi chauve kwa asambizgi."

Ndinayang'ananso nthambi yopanda kanthuyo. Munthuyo sanandibere kapena kundinamiza, anagwira ntchito yake mwaukhondo monga amachitira ndi zithunzi za ukwati. Kunja basi inaliza hutala, ndipo bamboyo anali chiimire akumwetulira, kudikira kuti ndimuthokoze.