Zithunzi Chikwi za a Sekererani

Dzina lawo lenileni linatsala pachiphaso. Mumsewu wonse amawadziwa kuti a Sekererani, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri mawu amene akhala akutuluka kwambiri pakamwa pawo ndi amenewo, ngakhale eni akewo kusekerera n'kwa apo ndi apo. Situdiyo yawo ndi kachipinda ka pakati pa wometa ndi wokonza mafoni. Muli benchi, kalilole wong'aluka pakona, chipeso chomangirira kuchingwe kuti makasitomala asachiyendetse, ndi chinsalu chojambulidwa mathithi omwe anazilala kalekale.

Ntchito anaiyamba nthawi ya filimu, pomwe munthu ankaganiza kawiri asanadine kamodzi. Kuchokera nthawi imeneyo, ukwati uliwonse ankalonjeza zithunzi zana, osachotsapo, osawonjezerapo. Ndipo popeza zana silichedwa kutha, anali ndi kope. Kukatsala sabata, ankakhazika akwati pabenchi paja n'kunena kuti, "Nditchulireni anthu amene mukawasowa m'zithunzimu mudzalira." Ankalemba mmodzimmodzi. Tsiku la ukwati, anthu akangotuluka m'tchalitchi, a Sekererani ankakwera pampando n'kuyamba kuitana ngati mphunzitsi m'kalasi. Wina akasowa, ankatuma anthu kukamusaka, kaya kukhitchini kaya kumagalimoto, kamera ili chidikirire. Ambiri ankang'ung'udza kuti bambowa amaziziritsa chakudya, koma panalibe ukwati umene unabwera kudzadandaula kuti wakutiwakuti mulibemo. Chimenechi ndicho ankanyadira, ndipo ankachinena ngakhale kwa munthu amene sanawafunse.

Kenaka tsidya la msewu kunatsegulidwa situdiyo ina ya achinyamata awiri a makamera atsopano. Pachitseko analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti ukwati umodzi, zithunzi chikwi. A Sekererani anaseka. "Chikwi? Ajambula ndi ntchentche zomwe." Koma miyezi itatu inadutsa, Loweruka lililonse akungokhala pakhonde kuonerera wometa akumeta. Akazi awo, omwe sadziwa kuzungulira, anawauza m'mawa wina akuwathirira tiyi kuti, "Bambo, zana lanulo muziliwerengera ine, poti anthu ena analikana."

Sabata yomweyo kunabwera akwati, mtsikana namwino ndi mnyamata dalaivala wa basi. Mnyamatayo sanakhale n'komwe pansi.

"Achikulire, mumapereka zingati?"

"Zana."

"Zana? Tsidyali akuti chikwi." Anatembenukira bwenzi lakelo. "Ndimakuuza ine. Tiye."

Mtsikanayo sanasunthe. Anangoyang'ana a Sekererani ngati akuwapempha kuti anenepo kanthu. Ndipo iwo, bambo amene anakanapo kuwonjezera zithunzi ngakhale kwa abusa ndi mabwana, anamva pakamwa pawo pakunena kuti, "Chikwi ndi chiyani? Nanenso ndikupatsani chikwi."

Mnyamata anakhala pansi. Anakambirana za tsiku, za tchalitchi, za holo. Potuluka mtsikana anaima pakhomo.

"Bambo, chimodzi chokha. Azakhali anga asasowe. Mayi anga anamwalira ndili ndi zaka zinayi. Andilera ndi iwowo."

"Mwana wanga, m'zithunzi chikwi angasowe ndani?" anatero a Sekererani. Kope linali pomwepo patebulo, pansi pa kapu, ndipo sanalitsegule. Sanafunsenso kuti azakhaliwo ndi otani, aatali kapena aafupi.

Tsiku la ukwati anagwira ntchito imene anali asanaigwirepo chibadwire. Mutu wonse unali kuwerengera. Pofika masana anali ndi mazana atatu okha, ndipo thukuta linali kamukamu. Ndiye anayamba kujambula chilichonse chimene chaima ndi chimene chikuyenda: nsapato za mkwati, maluwa a pagalimoto, mabaluni, mabotolo a zakumwa atandandalika patebulo, keke kutsogolo, keke kumbali, keke pamwamba. Potuluka m'tchalitchi sanakwere pampando, poti kuitana anthu kumadya ola lathunthu, ndipo mu ola limenelo munthu utha kudina mazana awiri. Anangofuula kuti achibale onse aunjikane, nadina kakhumi. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada, koma pusiyo tsiku limenelo ankadziona ngati katswiri. Dzuwa lisanalowe, kamera inasonyeza chikwi ndi makumi anayi ndi zitatu. Anafika kunyumba miyendo ikuwawa, mtima uli mbee.

Lachinayi akwati anabwera kudzaona pakompyuta. Mnyamata anakondwa, ankangomenya m'manja poona nambala. Mtsikana anakokera benchi pafupi n'kuyamba kudutsa chimodzichimodzi. Pa zana lachitatu anasiya kumwetulira. Pa lachisanu ndi chiwiri anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Atafika kumapeto anabwerera koyamba.

"Azakhali ali pati?"

A Sekererani analoza mayi wina wa chipewa chachikulu yemwe anali kutsogolo pafupifupi m'chithunzi chilichonse cha gulu.

"Amenewo ndi a landilodi athu," anatero mtsikanayo.

Anafufuza atatu onse, chithunzi ndi chithunzi, mpaka wometa anabwera kudzasuzumira poona kuti kwachita zii. Azakhaliwo anawapeza malo amodzi okha. Pa chithunzi cha mabaluni, kuseri kwake, chitseko cha khitchini chinali chotsegula, ndipo munkaoneka msana wa mayi atawerama pa beseni la mbale. A landilodi anali m'zithunzi makumi asanu ndi limodzi. Keke inali m'zithunzi makumi anayi.

Mtsikana sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangotenga chikwama chake n'kutuluka, mwamuna wake akumutsatira ndi fulashi yosungiramo zithunzizo m'manja, akunena kuti komabe zithunzi ndi zambiri.

A Sekererani anachita manyazi amene anali asanawachitepo, ndipo sanayese kukankhira wina. Akanatha kunena kuti mayiyo anadzibisa yekha kukhitchini, koma ankadziwa bwino kuti pa ukwati uliwonse munthu amene walera mwana ndi amene amapezeka kukhitchini. Anakhala zaka zonsezi akuwatulutsa kumeneko anthu oterowo, manja ali nyowe. M'mawa mwake anaimbira mtsikana kumufunsa njira, nanyamula kamera, nakwera minibasi.

Anawapeza azakhaliwo pakhonde la nyumba ya zipinda ziwiri, akupalasa makina osokera. Anali mayi wamfupi, wa magalasi omangidwa ndi ulusi mbali imodzi, tepi yoyezera ili m'khosi. Anaimitsa makina, nachotsa nsalu pampando kuti mlendo akhale.

"Ndakudziwani. Ndinu ojambula aja."

"Ndine, mayi. Ndabwera kudzapepesa. Ndinalakwa ndine, palibenso wina. Ngati mungalole, mwanayo avalenso diresi, ine ndibwera kulikonse kumene munganene. Tijambule bwinobwino, inu ndi iye."

"Diresi ija inali yobwereka. Mawa ikukwatitsa wina." Sanalankhule mokwiya. Anachotsa ulusi pa siketi yawo n'kuutaya pansi. "Dikirani pang'ono."

Analowa m'nyumba, natuluka ndi chovala chili pahang'ala, chokutidwa ndi pepala la pulasitiki. Anakweza pepalalo. Inali diresi yobiriwira, ya mabatani okutidwa ndi nsalu yomweyo, mizere ya simbi ikadali chilili.

"Ndinasoka ndekha, milungu itatu, m'mipata ya ntchito za anthu. Kutchalitchi sindinapite, mapoto analibe woyang'anira. Ndinaikoleka kuseri kwa chitseko cha khitchini kuti isanunkhe utsi. Ndinati akandiitana ndingosamba m'manja n'kuvala."

A Sekererani anayang'ana pansi.

"Mwamuna wakeyo ankafuna a tsidya aja," anapitiriza azakhaliwo. "Ndine ndinamuuza mwana kuti ayi, mupite kwa bambo aja a kope. Ndinakuonani pa ukwati wa mwana wa mnzanga zaka zisanu zapitazo. Munaimitsa ukwati wonse chifukwa cha mayi wina amene ankatsuka mbale, mpaka anabwera. Ndinati bambo awa sasiya munthu."

Anatsitsa pepala lija mosamala, nalisalaza ndi dzanja.

"Mawu anu ankamveka mpaka kukhitchini. Ndinkangoti ndikamva mwakweza mawu, ndikuzula manja m'madzi. Kanayi konse ndinawapukuta manjawa."

Azakhali anakoleka diresi pamsomali wa pakhonde, nakhalanso pamakina, nalowetsa nsalu pansi pa singano. Inali yunifolomu ya mwana wa eni, yofunika Lolemba.