Amalume a ku Dubai pa perekaniperekani

Mboni zanga ndi ziwiri, ndipo zonse zili moyo. Yoyamba ndi mnzanga wa ku Chipata, mlonda ngati ine, amene amagona bedi la pamwamba pa langa m'nyumba ya kampani. Yachiwiri ndi mlongo wanga wa ku Ndirande, koma ameneyo musamufunse kwambiri, nkhaniyi ikumukhudza. Zonse ndinene pano n'zoona, ndikulumbira pali malemu bambo anga.

Ndisanabwere ku Dubai ndinkagwira ntchito ku Limbe. Mwezi uliwonse, boma litadula kale msonkho pa malipiro, ndinkapatula kangachepe n'kukaika ku kampani ina yosunga ndalama za ukalamba. Nditafika kuno sindinaleke. Ndinkaima pakhomo la hotelo ku Downtown, dzuwa likuswa mtengo, mpaka tsiku lina chidendene cha nsapato yanga chinasungunuka n'kutsalira pa simenti. Chilipobe, mukapita mukachiona. Ndinkapirira chifukwa cha kanyumba ka malata ku Lunzu, kamene ndinali nditakamanga kale m'mutu, ndi mpando wanga pakhonde.

Kenaka mwana wa mlongo wangayo anapeza banja.

"Achimwene, a MC tawauza kale," anatero pa foni. "Pa perekaniperekani, amalume a ku Dubai nyimbo ndi yanu nokha. Akuchimuna ali ndi wawo wa ku Joni. Musatichititse manyazi."

Wa ku Joni! Tsiku lomwelo ndinanena kuti nditulutsa ndalama zanga za ukalamba. Mnzanga wa ku Chipata anasuzumira kuchokera pabedi lake.

"Mudala, ndalama za ukalamba sibavinila pa ukwati. Tumizani chabe kang'ono, khalas, basi."

"Iwe, kwanu kulibe amalume?"

"Baliko. Ni bamene bapempha soda kuli ife."

Ndinaimba ku kampani ija. Anayankha mayi wa mawu ofatsa ngati nesi wobaya jakisoni.

"Bambo, zimene munaikazo sitidulanso msonkho, munalipira kale. Koma phindu limene zabereka, boma lidulapo. Ndiponso poti simunafike msinkhu umene tinagwirizana, pali chindapusa."

"Chindapusa? Ndaba za yani?"

"Simunabe, bambo. Mwangofulumira."

Ine ndinamva mawu oyamba okhawo, akuti sitidula msonkho. Enawo anapita ndi mphepo ya eyakoni yoziziritsa m'nyumba. Mayiyo anandifunsa kangapo ngati ndaganiza bwino, ine ndinati tulutsani zonse. Anati zifika posachedwa. Sindinafunse kuti posachedwa wa ku Blantyre ndi wautali bwanji.

Ndinagula suti ku Al Rigga, yonyezimira moti woyendetsa ndege anandipempha kuti ndikhale kutali ndi windo. Ndinafika kumudzi, ndalama zisanalowe. Tsiku la ukwati linakwana, zisanalowebe. M'thumba munali zotsala za malipiro a mweziwo basi. Ndinapita pa tebulo la osintha ndalama, n'kuziphwanya kukhala timapepala ting'onoting'ono, kuti dzanja lioneke lodzaza.

"Amalume a ku Dubai, bwalo ndi lanu!"

Ndinavina, abale. Kapepala kamodzi ndinkakazunguza m'mwamba mpaka kutopa, kenaka n'kukaponya. Azimayi analulutira, mkwatibwi analira ndi chimwemwe, mlongo wanga anandipukuta thukuta ndi chitenje chake. Palibe anawerenga. Wa ku Joni uja atamuitana, anadzuka, anaponya timapepala tiwiri titatu, n'kubwerera ku mpunga wake. Nayenso anamuombera m'manja chimodzimodzi.

Pamenepo m'pamene mtima unazizira. Lolemba m'mawa ndinaimbiranso mayi uja.

"Mayi, zisiyeni momwemo, ukwati watha."

"Pepani bambo, tinatseka kale. Zili m'njira."

Ndinabwerera ku ntchito. Mnzanga wa ku Chipata anangondisungira tiyi. Bola akanandiseka. Masabata anadutsa ine ndili chiimire pakhomo paja, kutsegulira anthu magalimoto, ndipo kanyumba ka ku Lunzu kanayamba kuchoka m'mutu lata limodzi limodzi. Zaka zonse zija sindingaziyambirenso, maondo akukana.

Masana ena foni inanjenjemera m'thumba. Ndinabisala kuseri kwa chipilala n'kuyang'ana. Zinali zitafika. Boma linali litadya, kampani itadya, kwacha nayo itaonda panjira. Zotsalazo zikanakwana mpando uja, koma wopanda khonde.