Galu wa khutu limodzi loimirira

Mwana wanga wamkazi anabwera ku London ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinamusiya ku Zomba kwa akulu anga ali ndi zaka zisanu, ndikuganiza kuti mapepala ake atenga miyezi yowerengeka. Anatenga zaka zinayi. Pomwe ankafika n'kuti tikukhala ku Barking, m'nyumba yapansi ya zipinda ziwiri yokhala ndi kabwalo kumbuyo, pomwe tinkayanika zovala dzuwa likaoneka. Ine ndinkasamalira okalamba m'makomo mwawo, amuna anga ankayendetsa basi.

Mwanayo sankalankhula. Sikuti anali wamwano ayi. Ukamutuma ankapita, ukamufunsa ankayankha mawu amodzi kapena awiri basi. Nthawi zina ankalakwitsa n'kunditchula kuti anti, kenako n'kuzolika ndi manyazi. Panatha theka la chaka zili choncho. Ndiye Loweruka lina tikuchokera kumsika, iye atanyamula jumbo ya anyezi, anangoti, “Amayi, ndikufuna galu.”

Chifikireni anali asanandipemphepo kalikonse. Ndinavomera pomwepo, osaganiza n'komwe.

Amuna anga nditawauza anasiya kumasula nsapato n'kundiyang'ana.

“Galu wa chiyani? Azilondera chiyani muno?”

“Si wolondera. Ndi wa mwana.”

“Azigona kuti?”

“M'nyumba, ndikuganiza. Kuno amagona m'nyumba.”

“Muno momwe tikudyeramu?”

Nanenso mumtima ndinkadzifunsa zomwezo. Kwathu galu sasankhidwa. Wa anansi akaswa, umakapempha kamwana kamodzi, umakapatsa makombo, kamagona pakhonde, kakakula kamauwa akuba. Palibe anandiuzapo kuti agalu ali ndi mitundu yoti munthu n'kukhala pansi kumaiganizira. Koma eni nyumba titawaimbira anati alola pokhapokha akhale galu wamng'ono, ndipo apa m'pomwe mutu wanga unayambira kuzungulira.

Mwa okalamba amene ndinkawasamalira munali mayi wina wachizungu wa zaka zoposa makumi asanu ndi atatu, amene pakhoma pake panali zithunzi za agalu zambiri kuposa za ana ake. Tsiku lina ndikuwapesa tsitsi ndinawafunsa galu wamng'ono wabwino ndi uti.

“Tenga teriya,” anatero mosazengereza.

Ndinalemba mawuwo kuseri kwa pepala la mashifiti, ndikuona ngati nkhani yatha.

“Koma teriya wake uti?” anandifunsa.

“Alipo angati kodi?”

Anaseka mpaka kutsokomola. Anayamba kuwerenga ndi zala. Alipo a ku Yorkshire, a ubweya wautali wofuna kupesedwa tsiku ndi tsiku, koma ndi osalimba, mwana akhoza kuwathyola. Alipo oyera a ku Scotland, okongola, koma amavutika ndi khungu. Alipo ena amawangamawanga osadziwa kutopa. Pomaliza anandigwira dzanja n'kunena kuti ndifune wotchedwa Border, wamkazi, wamng'ono. Ndinalemba zonsezo. Nditabwerako Lachitatu lake, mayiwo anandichenjeza kuti ndisayerekeze kutenga Border, chifukwa galu wina wa mtundu umenewo anawakumbira maluwa onse kalekale. Mutu wawo unkapita n'kumabwera, ndipo sindinadziwe kuti tsiku limene analankhula zoona linali liti.

Ndinapita ndi mwana ku laibulale n'kubwereka buku la agalu. Tinakhala pansi pakalapeti n'kumatsegula limodzi. Ine ndinkaona nkhope zofanana zokhazokha, tindevu ndi timaso takuda. Iye ankaloza n'kumati uyu ali ndi miyendo yaitali, uyu mchira wake ndi wina. Pansi pa chithunzi chilichonse panalembedwa kuti galuyu amakonda ana, kenako mzere wotsatira n'kunena kuti ndi wamakani ndipo samva. Ndinkawerenga kawiri kawiri osamvetsa kuti zinthu ziwirizi zimakhala bwanji mwa galu mmodzi. Bukulo linanenanso kuti agalu amenewa poyamba ankawetedwa kuti azipha makoswe ndi kulowa m'mauna a nyama. Amuna anga atamva zimenezo ali kukhitchini anatulukira.

“Ndiye kuti ndi agalu antchito,” anatero, ndipo kuyambira tsiku limenelo anasiya kutsutsa.

Kuntchito ndinali ndi mnzanga wa ku Lusaka. Nditamufotokozera vuto langa anati, “Iwe, uvutikila chani? Neba wa sisita wanga ku Dagenham ali na teriya, afuna kumupasa munthu. Nizakupeleka.” Tinapita tonse Lamlungu titatuluka m'tchalitchi, tidakali m'zovala zathu zabwino. Anatitsegulira bambo wa mutu wometa, ndipo kumbuyo kwake kunatuluka chigalu cha chifuwa chotakata, mutu ngati mtondo, minofu ikuoneka pansi pa chikopa.

“Pepani, tabwerera teriya,” ndinatero.

“Ndi ameneyu,” anayankha bamboyo.

Sankanama. Anationetsa pepala, ndipo mawu oti teriya analipodi, kumapeto kwa mawu ena awiri. Galuyo anali wofatsa, ananyambita dzanja la amuna anga n'kugona chagada kuti amukande pamimba. Koma mwana wanga anabisala kumbuyo kwanga atagwira siketi yanga zolimba. M'basi pobwerera amuna anga ankangoti ameneyo ndiye galu weniweni. Ine ndinkaganiza zina. Mwana amene wapempha galu akuopanso galu. Nanga ndikufunafuna chiyani?

Namwino wina wa kumpingo ndiye anatiuza za malo osungirako agalu osowa eni. Ndinkaganiza kuti tikangofika atipatsa galu n'kutithokoza. M'malo mwake anatipatsa fomu ya masamba atatu. Mpanda wanu ndi wautali bwanji? Azimuyendetsa ndani? Azikhala yekha m'nyumba maola angati patsiku? Pa funso limeneli cholembera changa chinaima. Ndinawerengera mashifiti anga ndi a amuna anga, n'kupeza kuti masiku ena m'nyumba simukhala munthu wamkulu kuyambira m'mawa mpaka sikisi koloko madzulo. Mtsikana wa pamalopo anapukusa mutu n'kunena kuti maola amenewo ndi ochuluka kwa teriya, amasungulumwa n'kuyamba kuluma mipando.

Mwana wanga ankaweruka kusukulu itangopitirira 3 koloko. Ankatsegula yekha chitseko ndi kiyi amene ndinamumangirira m'khosi, n'kudikira m'nyumbamo mpaka mmodzi wa ife abwere. Zimenezi ndinkazidziwa kale, koma ndinali ndisanaziwerengerepo papepala. Sabata yomweyo ndinakapempha abwana kuti andisinthire mashifiti, ndizimaliza masana. Atandifunsa chifukwa ndinati tikutenga galu, ndipo anavomera msanga, akumwetulira. Potuluka mu ofesimo sindinadziwe ngati ndikondwe kapena ndichite manyazi.

Kenako a kumalo osungirako agalu aja anatumiza mayi wina kudzaona nyumba. Ndinakolopa masiku awiri, ndinachapa makatani, ndinagula mabisiketi. Mayiyo anadutsa pabalaza osayang'ana chilichonse, n'kupita kukagwada kuseri pafupi ndi mpanda. Anapisa dzanja pansi pa matabwa n'kunena kuti pamenepo pakufunika kutseka, chifukwa agalu amenewa amakumba. Tiyi sanamwe. Amuna anga anatha Loweruka lonse akukhoma matabwa, akudziyankhulira okha kuti nkhani imeneyi asaimve anthu a kwawo ku Ntcheu.

Tsiku losankha ndinatenga kapepala kanga kaja kolembedwa kuti Border, wamkazi, wamng'ono. Tinkayenda m'kanjira ka pakati pa makola, agalu akuuwa mbali zonse, mwana atandigwira dzanja. Panali kagalu kamodzi kofanana ndithu ndi ka m'buku, ndipo ndinaima pamenepo. Koma mwana anandikoka mpaka kukhola lomaliza. M'menemo munali galu wamphongo wa ubweya wonyankhalala, wotuwa ngati phulusa, khutu limodzi loimirira lina logwa. Sankauwa. Anangokhala n'kumatiyang'ana ngati munthu wodikira basi.

“Uyu,” anatero mwana.

Ndinafunsa mtsikana uja ngati ameneyu ndi Border.

“Mwina pang'ono,” anayankha. “Ndi teriya wosakanikirana. Ali ndi zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi.”

“Wosakanikirana ndi chiyani?”

“Palibe akudziwa.”

Ndinatembenukira kwa mwana n'kumuuza m'Chichewa kuti uyu ndi wamkulu kale, komanso si amene tinasankha m'buku.

“Amayi, inu ndi amene munasankha,” anatero motsitsa mawu. “Ine ndikufuna uyu.”

Tinamutenga. Masabata oyamba anali ovuta. Anakumba pansi pa matabwa atsopano aja, anatafuna lamba wa yunifolomu ya amuna anga, ndipo ankauwa munthu wobweretsa makalata ngati akumuona koyamba tsiku lililonse. Kupaki aliyense ankatiuza mtundu wake. Wina ankati ndi wa ku Scotland, wina ankati ayi, taonani miyendoyo, wina n'kumati si teriya n'komwe. Ine ndinkangovomera onse. Nditawaonetsa chithunzi chake mayi okalamba aja, anachiyang'ana nthawi yaitali n'kundifunsa kuti ndamupeza kuti galu wawo.

Madzulo ena ndikutsuka mbale ndinamufunsa mwana ngati ankasowa galu wa kwa azakhali ake ku Zomba. Anandiyang'ana modabwa.

“Kunalibe galu kuja.”

“Nanga unkafuniranji galu?”

Anangokweza mapewa n'kupitiriza kupukuta sipuni. Ndinadzamufunsanso atakula, ndipo anandipatsa mayankho osiyana. Ulendo wina anati anzake a kusukulu ankangokamba za agalu awo. Ulendo wina anati sakukumbuka kuti anapempha ndi iye. Galuyo anakhala nafe zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo atafa sitinatengenso wina.

Chimene ndimakumbukira bwino ndi Lamlungu lina m'mwezi woyamba uja. Ndinagula khadi loimbira foni kumudzi n'kuimbira akulu anga. Nditawauza kuti tili ndi galu wogona m'nyumba, amene ali ndi dokotala wake ndi mbale yake, anandifunsa ngati ndili bwinobwino. Ndinayesa kufotokoza koma mawu sankagwirizana, moti ndinapereka foni kwa mwana. Anakhala pansi pafupi ndi chitseko, galu atatsamiritsa mutu pamwendo pake, n'kuyamba kuwauza azakhali ake za dzenje la pansi pa mpanda, za lamba wa abambo ake, za gologolo amene anamuthamangitsa kupaki. Khadi linatha akulankhulabe, ndipo anapitiriza kwa kanthawi asanazindikire kuti foni yaduka.