Nyimbo Yosadikira Masana

Ndinanyamuka ku Balbriggan, kunja kwa Dublin komwe ndimakhala, Loweruka pa sitima ya half eight, nditakumbatira katundu wotalika kuposa ine. Inali tanpura, choimbira cha zingwe zinayi chokhala ndi chikho chachikulu kumunsi. Mwini wake anali a Guruji, bambo wachikulire wa ku India yemwe ndimamusamalira ku Clondalkin. Kwawo anaimba moyo wawo wonse, napeka nyimbo zambirimbiri, koma salemba, amaphunzitsa pakamwa basi. Lolemba lake ankakachitidwa opaleshoni ya pakhosi, ndipo madokotala ananeneratu kuti mwina mawu sadzabwereranso. Nyimbo yawo yomaliza inali idakali m'mutu. Ankafuna kuisiya kwa wophunzira wawo Meera, namwino wa ku Swords, koma popanda tanpura sakanatsegula pakamwa. Tanpurayo inali kwa wokonza zingwe, yemwe ndi neba wanga, choncho mtolo unagwera ine, ndipo ndinasangalala ngati ndikuperekeza mkwatibwi.

M'sitima, bambo wina wa ku Chipata anandiyang'anitsitsa.

"Amayi, pepani, ndi maliro kapena ndi luggage?"

Ndinaseka mpaka misozi. Tanpura inakhala pampando wa pawindo osalipira, ine wolipira n'kuima mpaka pa siteshoni ya Connolly mu Dublin.

Kumeneko, cha m'ma quarter past nine, ndisanakwere basi ya ku Clondalkin, ndinagula tiyi ndi buledi wa soseji, five euro, kuba kwa dzuwa likuswa mtengo. Ndikutafuna ndinangoona a Nachisale a kwaya yathu ya kutchalitchi, atangobwera kumene kuchokera kumudzi. Munthu wakwanu sumupatsa moni wongokweza dzanja. Tinafunsana za ana, za mvula, za omwe anamwalira ndi omwe anakwatiwa, mabasi awiri n'kudutsa ine ndikuwaona. Mumtima ndinkati nyimbo siwola, akaimba madzulo.

Twenty past ten foni inalira. Anali Meera.

"Muli kuti? Nyimboyi ndi ya m'mawa. Dzuwa likafika pamutu a Guruji saimba."

"Ngakhale titatseka makatani?"

"Ngakhale muwagwadire. Ndipo mawa m'mawa akukagonekedwa kuchipatala."

Mayo ine! Ife kukwaya za Khirisimasi timaziyamba mu Okutobala, palibe amatigwira pakamwa. Sindinkadziwa kuti kwa anzathuwa nyimbo iliyonse ili ndi nthawi yake pa tsiku.

A Nachisale anagwira kumutu, ine kuchikho, liwiro la mtondo wadooka kulowera pa siteji.

"Sisi, easy pa corner," ankakuwa, "ikasweka iyi ine sindikukudziwani!"

Dalaivala anatiyeza ndi maso, kenako n'kugwedeza mutu kuti ndikwere. Two euro pa khadi. Mayi wina wachiairishi anasuntha ngolo yake yogulira zinthu, n'kundifunsa ngati ndikukaimba pa ukwati. Maloboti onse a mu Dublin anagwirizana zofiira tsiku limenelo. Ndinatsika pafupi ndi nsanja yakale ya ku Clondalkin nthawi ili half eleven, n'kuthamanga pakati pa nyumba zofanana zija thukuta lili kamukamu, kunja kukuzizira.

Nsapato ndinavulira pakhomo. A Guruji anali atakhala pansi pa mkeka, atavala zoyera. Sanandikalipire. Anakhudza tanpura, n'kudzikhudza pamphumi, n'kuyamba kukunga zingwe pang'onopang'ono ngati tsiku ndi lawo. Ine maso pa wotchi.

Kenako anayamba. Liwu limodzi lokha, lopanda mawu, likukwera mosafulumira. Munthu yemwe ndimamuthandiza kumanga mabatani anadzaza nyumba yonse! Iwo mzere, Meera n'kubwereza, iwo n'kumukonza ndi dzanja. Ndinafuna kululutira, ndinadzigwira pakamwa.

Twelve itakwana anakweza dzanja, zingwe n'kukhala chete. Nyimboyo inali ndi magawo awiri. Meera anatenga loyamba lonse, koma lachiwiri mzere umodzi wokha.

"Zotsalazo ukapeke wekha," anamuuza motero akumwetulira. Meera anawagwira mapazi akulira.

Ndinapepesa nditagwada. Anangondisisita pamutu n'kufunsa ngati ndadya.

Pobwerera m'sitima ndinali wokondwa ndi wamanyazi nthawi imodzi. Moni ndi wabwino, koma tsiku limenelo anadya ola la munthu wina. Njira yonse ndinkang'ung'udza nyimbo ija, ndipo ndikafika pomwe anakwezera dzanja, ndinkaima, poti kutsogoloko akukudziwa ndi munthu mmodzi yekha.