Galimoto ya bambo imene amalume anaimasula

Lachinayi. Ndadzuka mtima ukuwawa ngati bambo apita kale, chonsecho ndikuwamva akutsokomola panja. Inu owerenga, banja lathu linalakwitsa chinthu chimodzi, ndipo sindikufuna kuti mudzachite ngati ife.

Bambo anakhala zaka zambiri ku Joni, akugwira ntchito m'mafamu. Atabwera chaka chatha anagula ku Lilongwe galimoto yakale, ija amayendera anthu okaona malo, yokhala ndi bedi ndi kachitofu mkati. Ankafuna kuti azikatenga kachewere ku Lizulu, kukagulitsa ku Blantyre, n'kumagona momwemo m'malo molipira resitihausi. Anandilonjeza kuti ku Joni sadzabwererakonso. Galimotoyo ikakhala pakhomo ndinkalowamo kukawerenga, iwo atakhala kutsogolo akundifunsa za kusukulu. Sindinakhalepo ndi bambo motero chibadwire.

Wogulitsa anawapatsa galanti ya miyezi ingapo. Ananenetsa kuti injini ikavuta amuimbire iyeyo, munthu wina asaikhudze.

Tsiku lina galimotoyo ikutsika phiri kubwera kuno ku Bwanje, inatentha n'kuzima. Anthu ataikankha kufika nayo kunyumba, anatulukira amalume, achimwene awo a mayi, amene amakonza mapampu othirira mbewu. Masipanala anali kale m'manja.

"Alamu, mpaka kuitana munthu wa ku Lilongwe ine ndilipo? Anthu atiseka."

Bambo ndi mkamwini pamudzi pano, malo amene tamangapo nyumba ndi a kwawo kwa mayi. Anayang'ana pansi n'kupereka makiyi. Amalume anamasula injini ndi mtima wabwino ndithu, koma ataimanganso sinalirenso.

Makaniko wa wogulitsa uja atabwera, anangoona mabawuti n'kunena kuti galanti yafa. Bambo anachonderera, koma sizinathandize. Injini ina sangaikwanitse, ndiye mawa akubwerera ku Joni. Ndikamadzalemba mayeso a Fomu 4 sadzakhalapo.

Inu owerenga, kulemekeza achibale n'kwabwino, ndipo amalume sindidana nawo. Koma mukagula chinthu cha galanti, auzeni abale anu lamulo lake tsiku lomwelo, chisanawonongeke. Munthu akafika kale pakhomo ndi zida zake, kumukana kumavuta.

Mawa ndiwaperekeza ku boma kukakwera basi. Chikwama chawo ndinyamula ndine, ndipo sindilira mpaka basiyo itakhota.