Chigubu Chimodzi cha Oyilo, Ogula Ambirimbiri

Pa galaja ina ku Matero anandigulitsa oyilo, ndalama n'kulandira, oyiloyo n'kumubwezera pa shelefu. Ndikuuzeni mmene zinayendera.

Ndine mayi wa ku Mtendere, ndimaperekera mazira m'magolosale. Galimoto yanga ndi ya haibulidi, zija zochokera ku Japan zoyendera petulo ndi batire. Ndiyo munda wanga. Loweruka la sabata imeneyo inkayeneranso kunyamula mkwatibwi, mwana wa achemwali anga, kuchoka kukomboni ya George kupita kutchalitchi.

Lachinayi, 8:15 m'mawa, ndinali pa galajapo. Buku la galimotoyo limati oyilo wake ndi wopyapyala, nambala 0W-20. Wogulitsa pakauntala anandionetsa zigubu ziwiri. China cha kampani wamba, K190. China chokhala ndi chizindikiro cha opanga galimotoyo, K420.

"Ba mami, motoka monga iyi siifuna vinthu vochipa," iye anatero. "Tengani olijino."

Ndinaganiza za mkwatibwi atatsakamira pamsewu ndi velo lake. Ndinatenga wodulayo. Mwachizolowezi cha ife a mazira, ndinalemba ka M ndi cholembera pachitsekerero.

Makaniko wa pagalajapo, bambo wa ovolosi yong'ambika pabondo, analowa m'galimoto. Anadina batani. Zii. Anadinanso. Zii. Anatuluka nkhope ili yachisoni ngati akudzandiuza maliro.

"Ba mami, iyi motoka yafa. Tiikankhe."

Ndinamuuza kuti yayaka kale, imayamba mwakachetechete. Anandiyang'ana mondimvera chifundo, n'kuitana anzake awiri. Asanaigwire n'komwe, ndinakhala pachiwongolero n'kuilowetsa ndekha, atatuwo akuithamangira pambuyo. Apa mpamene ndinayenera kubwerera kwathu. Koma ayi, ndine munthu woleza mtima.

Anati ndikakhale pamthunzi, ntchito ndi ya mphindi makumi atatu. Ndinadya vitumbuwa vinayi. Ndinamvetsera ulaliki wonse wa m'busa wina wa pamsika. Anandiitana 13:40.

Ndinapempha chigubu changa chopanda kanthu. Anayang'anana. Mmodzi anazungulira kuseri, n'kubwera ndi chigubu chofumbwa, chodulidwa kukamwa, m'kati muli kangaude. Kangaudeyo analowamo liti, anthuni? Anamanga nyumba pa maola asanu?

Ndinasolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo wake wolemera ngati uchi, uja wa mumgolo amene amathira m'maminibasi. Ndinalowa m'shopu. Pa shelefu, chigubu changa chili phee, chodzaza, ka M kanga kakundiyang'ana.

Wogulitsa anati M ameneyo akuimira Matero. Makaniko anati oyilo ndi oyilo basi, ndipo wopyapyala uja ndi wa kumaiko ozizira, kuno amasanduka madzi. Munthu woti sadziwa n'kuyatsa komwe galimotoyo, lero akuposa amene anaipanga? Nditafunsa za mwini galaja, wogulitsa uja anati, "Ba bosi bachokako, bwelani mailo."

Mawa? Ndinaimika galimoto pakati pa geti, kiyi m'chikwama, ine n'kukhala pa chigubu changa chija nditachitsitsa pa shelefu. Minibasi ziwiri zinafuna kutuluka. Madalaivala atamva nkhaniyo anaseka mpaka misozi, kenako mmodzi anasiya kuseka.

"Manje ine dzulo ninagula chamene icho," anatero.

Sipanathe mphindi khumi, abwana amene anachokapo aja anatulukira mu ofesi akupukuta m'manja, pakamwa pali mafuta a nkhuku. Anati kunali kusamvana chabe. Ndinati chabwino, timvane tsopano: akhuthule uchi wawo ine ndikuona, andibwezere K420 yanga. Anabweza.

Ndinaimbira alamu anga a ku Kalingalinga, amene amakonza galimoto zoterezi. Anati chofunika ndi nambala ya m'buku ndi chigubu chosatsegulidwa, chizindikiro n'chokongoletsa chabe. Anabwera ndi oyilo wa kampani wamba wochokera ku Kamwala, nambala yomweyo, n'kuthira okha pagetipo, makaniko akusuzumira paphewa pawo. Loweruka mkwatibwi anafika kutchalitchi nthawi yabwino. Mkwati ndiye anachedwa.

Inu a mahaibulidi, werengani nambala m'buku lanu. Wodula kapena wotchipa, imani pa boneti mpaka dontho lomaliza, vitumbuwa mukadya pambuyo. Ndipo inu abwana a ku Matero, funso langa ndi ili: chigubu chimenecho mwachigulitsa kwa anthu angati?